Phewa la a Dou

Ku Tianjin kumacha mochedwa m'nyengo yachisanu.
Timafika kudakali mbuu,
asanu ndi awiri, kapena asanu ndi mmodzi
bondo la a Pang likakana,
n'kupachika majekete pa nthambi ya msondodzi
m'mbali mwa mtsinje wa Hai, madzi ataundana gwa.

Ine ndinkadula matikiti m'basi zaka makumi atatu,
manja anga anazolowera kutsomphola.
A Dou anawaphunzitsa kudikira.
Ankati: Mayi Luan, basi yapita kale,
mukuthamangira chiyani?
Khazikani chidendene kaye, zala zitsatire,
ngati mukuyesa ngati ayezi angakunyamuleni.

Ndiye tinkagwira mchira wa mpheta yomwe kulibe,
kukankha mitambo kumanzere, kuibweza kumanja,
kutola singano pansi pa nyanja
misana ikulira ngati zitseko zakale.
Kutsidya la msewu a kalembedwe ka Chen
amaponda pansi kuti di! nkhunda n'kubalalika,
amapota mikono ngati akusomola ulusi wa silika.
A Sun amanyang'ama timasitepe tating'ono,
phazi kulondola linzake ngati mwana wamanyazi.
Ife ndife a Yang. Athu ndi mayendedwe otakata,
odekha, osatha msanga,
tiyi wa m'fulasiki amazizira tisanafike pakati.

A Dou anamwalira mwezi wachitatu, ayezi akusweka.
Mawa lake tinabwerabe.
Panalibe woti ayambitse, tinangoima phee,
mpaka mpweya wa wina unatuluka
ndipo manja onse anakwera okha.

Chaka chitatha kunabwera mtsikana wa ku Yongnian,
Ruan Jingyi, wonyamula lupanga m'thumba lansalu,
wochokera kwawo kwenikweni kwa mayendedwe athuwa.
Anationerera mpaka kumapeto, mwaulemu,
kenako anafunsa chapansipansi:
Pamene kakowa woyera atambasula mapiko,
bwanji nonse mumagwetsa phewa lamanzere?
Zimenezo mulibe m'ndondomeko.

Tinayang'anana.
A Pang anayesa okha, phewa linagwa.
Ine ndinayesa, linagwa.
Anthu asanu ndi awiri, kakowa mmodzi wothyoka phiko.

Ndi mkazi wa malemu anatimasulira,
akusenda adyo pakhomo, osatiyang'ana n'komwe:
Chitsulo chinawagwera kudoko la Tanggu
asanandikwatire.
Phewa limenelo silinakwerepo bwino.
Ankachita nalo manyazi. Kodi sanakuuzeni?

Sanatiuze.
Zaka khumi ndi zinayi tinkakopera chilema
mosamala ngati ana okopera pabolodi,
ndipo iwo ankationa m'mawa uliwonse,
bala lawo likuyenda m'matupi asanu ndi awiri.
Ankakonza zigongono zathu, maondo, ngakhale maso,
koma apo pokha ankangoyang'ana kumtsinje.
Kaya sankaona. Kaya ankaona.

Mtsikana uja anatiwongola, ndipo sanalakwe.
Phewa likakhala m'malo mwake mpweya umatsika bwino,
khosi limamasuka, ndinazimva ndekha.
A Pang anasintha sabata yomweyo.
Ena anatsatira, wina akung'ung'udza.
Sitinakangane. Tinakalamba kale
moti sitingayambane chifukwa cha phiko la mbalame.

Nanenso ndinaphunzira kuwongoka.
Masiku ambiri kakowa wanga amaima bwinobwino,
mapiko onse awiri ali mbee,
woyenera kujambulidwa m'buku.

Koma m'mawa wina, kukazizira kwambiri,
sitima ikalira kutali cha kudoko,
ndikafika pamenepo ndimachedwa pang'ono.
Kulemera konse kuli pa mwendo wamanja,
chala cha phazi lamanzere chikungokhudza dothi,
ndimalilola phewalo kuti litsike
kuchepera kwa chikhadabo,
palibe angaone.
Kenaka dzanja limasesa bondo,
ndipo ndimapitiriza ndi anzanga.